Chikepe cha a Nzunga

A Nzunga tinawaika mwezi wathawu kwawo kumtunda, kuseri kwa Lizulu, nkhungu itaphimba minda ya mbatata. Anthu anabwera atavala malaya amene Blessings, mwana wa mlongo wawo, anadinda ku shopu kwathu. Pamalayapo panali nkhope ya a Nzunga ili m'mitambo, nkhunda uku ndi uku, kumutu kukuwala ngati woyera mtima wa pa kalendala. Blessings atandipatsa anga ndinamuuza kuti akapukutire pulinta yake. Amayi a mvano anandiyang'ana ndi diso loipa, wina mpaka anatsonya. Atsonye. Munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi zokongoletsa, inu mukamuike m'mitambo?

Ine ndimakonza mafoni pa benchi ya pakhomo m'shopu ya Blessings pa Boma. A Nzunga ankakhala pakona ya mkati, nsana atatipatsa ife, nkhope ku kompyuta. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti Mapesi, ati mtima wanga ndi moto wa mapesi, kuyaka msanga, osapsereza ngakhale chimanga chimodzi.

Choyamba kuona pa iwo anali manja. Dzanja lamanja linali ndi zala zitatu, ziwiri zinatsala pansi pa mgodi ku Joni. Ndipo manja onse awiri ankanjenjemera osaleka, chifukwa cha makina obowolera miyala amene anawakumbatira unyamata wawo wonse. Tiyi ankathira theka la kapu, ina yonse ikanathera pa thalauza. Ankatsokomola chifuwa chouma cha fumbi la pansi, ndipo ukawafunsa za chipatala ankakuyankha kuti fumbi limene munthu anameza ali mnyamata silituluka ndi panado.

Atavulala, akuluakulu a mgodi anawachotsa pansi n'kuwaika mu ofesi ya pamwamba. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi kompyuta, ya nthawi imeneyo, sikirini yakuda bii, zilembo zokhazokha, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Umailembera lamulo, iyo n'kuchita. Anatchona zaka zambiri. Pobwera anapeza mkazi wawo atakwatiwa kwina, ana akuitana wina kuti bambo. Nkhani imeneyo sankaikamba. Anagula kamera, n'kuiika pa miyendo itatu poti manja sakanaigwira, ndipo anayamba kujambula anthu: a ziphaso, a mayeso, a ukwati, agogo obwera ndi zidzukulu pa tsiku la msika.

Sankafufuta chithunzi. Apa ndiye ankakangana ndi Blessings pafupifupi mwezi uliwonse. Blessings ankati diski yadzaza ndi nkhope za anthu amene anatenga kale zithunzi zawo n'kupita. Iwo ankamuuza kuti munthu amajambulitsa pa chifukwa chake, koma chithunzi chimadzagwira ntchito yake yeniyeni tsiku limene mwini wake sangathenso kuima pa kamera. Ndipo zinalidi choncho. Kwathu kuno pa maliro mwana amatsogola atanyamula chithunzi cha womwalira, bokosi likubwera pambuyo. Anthu a kumidzi ambiri, makamaka okalamba, chithunzi chawo chokhacho padziko pano chinali mu kompyuta ya a Nzunga. Choncho galimoto zochokera ku motchale ya chipatala zinazolowera kuima pa shopu pathu, mtembo uli pamwamba, amayi akuimba, wachibale n'kuthamangira mkati.

Zithunzizo anazisanja ngati mgodi. Foda ya dera, m'kati mwake foda ya mudzi, m'kati mwake ya mfunda, kenako ya munthu, kenako ya chaka. Kuti ufike pa nkhope ya munthu unkatsika, kutsika, kutsika. Mausi sankaigwira. Ndinawaonapo akuyesa kamodzi: kamuvi kankavina pa sikirini ngati ntchentche pa galasi, ndipo anakokera mudzi wathunthu m'kati mwa mudzi wina osadziwa. Anaizula n'kuiponya mu kabati. Iwo njira yawo inali sikirini yakuda ija. Pamenepo, kuti ulowe mu foda umalemba cd ndi dzina lake, kenako cd ndi dzina lina, khomo limodzi limodzi, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi makina amakukanira. Kwa munthu wa zala khumi zosanjenjemera si nkhani. Kwa iwo unali ulendo wa thukuta.

Amene anawapulumutsa ndi mphunzitsi wina wa makompyuta wa ku sekondale, amene anabwera kudzadinditsa mapepala. Anawaona akuvutika, n'kuwaikira kachida kakang'ono mu kompyutamo. Ulemba chilembo z, usiya mpata, ulemba kachidutswa chabe ka dzina la kumene ukufuna, udina batani, basi wafika. Makomo onse a pakati wawalumpha. Chinsinsi chake n'chakuti kachidako kamaphunzira mapazi ako. Foda iliyonse imene walowamo kamaisunga pamtima, ndipo kumene umapita kawirikawiri kamakufikitsako msanga kuposa kwina konse. A Nzunga anakatcha chikepe, dzina la chikhola chachitsulo chija chimene chimatsitsa anthu mu mgodi. Ankati cd ndi makwerero, umatsika ndi mawondo ako, koma chikepe umangotchula kumene ukupita n'kugwira chipewa.

Zaka zinapita akuchikwera, ndipo chinadziwa Ntcheu yense monga mmene iwo ankamudziwira. Wamaliro akalowa, ankamufunsa mudzi ndi mfunda osatembenuka. Chala chapakati chinkagogoda katatu kapena kanayi. Kenako ankaphimba sikirini ndi chipewa n'kulamula munthuyo kuti ayambe wakhala pansi. Sankaonetsa nkhope ya womwalira kwa munthu woimirira. Ati mayi wina anagwapo chagada n'kumenyetsa mutu pa simenti, ndipo iwo sanali okonzeka kutumiza mitembo iwiri pa galimoto imodzi.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Anali ndi mkamwa mowawa. Kasitomala wanga wina anamuthamangitsa chifukwa choyesa sipika ya foni mokweza. Mkulu wa mpingo wina anapempha kuti pa chithunzi cha malemu mchimwene wake amuvekepo taye ndi jekete. A Nzunga anamufunsa ngati malemuyo anakhalapo ndi jekete ali moyo. Mkuluyo atati ayi, anamuuza kuti ndiye akanamugulira nthawi imeneyo. Zipsera sankachotsa, khungu sankayeretsa, dzino loguluka sankabwezera. Anthu ena anasiya kubwera chifukwa cha zimenezi, ndipo iwo sanasamale.

Ine nditawapempha kuti andiphunzitse chikepe, anandikhazika pa mpando wawo n'kundilembetsa cd kuchokera pamwamba mpaka pansi, mudzi ndi mudzi, dzuwa lonse la masana. Nditafunsa kuti nanga z uja ali kuti, anati chikepe sakwera munthu amene sanatsikepo wapansi, chifukwa tsiku limene chaima sadziwa kolowera. Ndinakankha kiyibodi n'kutuluka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Sindinapemphenso.

Za Blessings ndinene zoona, ngakhale sitilankhulana bwino. Shopu ndi yake. Anagula pulinta yatsopano ya makadi a ukwati ndi malaya, ndipo dongosolo lakale la mu kompyuta ya amalume ake silinkagwirizana nayo. Shopu ina kumsika inkatilanda anthu ndi makadi a maluwa. Anawapempha kangapo kuti asinthe za m'kati mwa makinawo, iwo n'kumamuyankha kuti akhudze tsiku limene adzamve kuti aikidwa. Ndiye anadikira. Chifuwa chitawagoneka m'chipatala, anaitana munthu wa ku Lilongwe. Munthuyo anakopera zithunzi zonse pa diski ya padera, sanataye ngakhale chimodzi, kenako anafufuta zonse za mu kompyuta n'kuikamo zatsopano. Zimene chikepe chinaphunzira zaka zonsezo zinali m'kafayilo kobisika. Palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa. Kanapita ndi zinyalala.

M'chipatalamo a Nzunga anagona moyandikana ndi a Ndau a ku Sharpevale. Awa ndi amene anawabereka kumsana kuchokera pamene mwala unawadula zala mpaka pa chikepe chenicheni cha mgodi. Chifuwa chawo chinali chimodzimodzi. A Nzunga anatulutsidwa, a Ndau anatsala. M'mawa umene a Nzunga anabwerera ku ntchito, asanavule n'komwe jekete, lole inaima panja. Amayi ankaimba. Mwana wamkulu wa a Ndau analowa, maso ali psuu.

"Bambo Nzunga, anzanu aja atisiya usiku."

A Nzunga anangogwedeza mutu. Anakoka mpando, n'kuyatsa kompyuta. M'malo mwa mdima wawo, panatuluka sikirini ya buluu ya timabokosi tambirimbiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mapesi. Ichi n'chiyani?"

Ndinapita n'kuwatsegulira kawindo kakuda kamene kamapezeka m'dongosolo latsopanolo. Analemba z ndi dzina la a Ndau. Makina anayankha m'Chingerezi kuti mawu amenewo sakuwadziwa. Analembanso. Yankho lomwelo.

"Blessings!"

Blessings anatuluka kuseri akupukuta manja. "Malume, musadandaule, zithunzi zonse zilipo. Zili pa diski iyo. Palibe chatayika."

"Chikepe changa chili kuti?"

"Zimenezo ndi zakale, malume. Pano mungodina ndi mausi, ngakhale mwana akhoza."

A Nzunga anakweza manja onse awiri m'mwamba, akunjenjemera, zala zisanu ndi zitatu, kuti Blessings awaone bwino. Anawatsitsa pa kiyibodi n'kuyamba kutsika wapansi.

Munthu wa ku Lilongwe uja anali ataika zonse m'mafoda ake, foda m'kati mwa foda, a mayina ataliatali a Chingerezi, usanafike n'komwe pa madera a a Nzunga. Chala chikagunda batani kamodzi, chilembo chinkatuluka kawiri. Afufute, alembenso, makina akane. Thukuta linayamba kudontha pa kiyibodi. Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire mausi, anandimenya pa mkono.

"Ndau ndimutenga ndekha."

Panja dalaivala anaimba hutala. Mwana wa a Ndau anatuluka, n'kubweranso.

"Bambo, akuti mvula yayamba kumapiri. Tikachedwa msewu wotsikira kuchigwa sitidutsa. Adzukulu anamaliza kale kukumba."

"Muuze adikire."

Apa sindinawamverenso. Ndinawakankhira pambali ndi phewa, n'kulemba dzina la a Ndau m'kabokosi kofufuzira. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pamwamba pa sikirini ngati bilimankhwe. Diski inkangolira. Sikanafike ngakhale pakati. Hutala inaliranso, yaitali.

Kenako nyimbo inaleka panja, ndipo pakhomo panaima Nambewe, mkazi wa a Ndau, mayi wamfupi atamanga chitenje chakuda m'chiuno. Anatsika yekha pa lole, kusiya bokosi la mwamuna wake, chinthu chimene namfedwa sachita.

"Alamu," anatero mofatsa, "ngati zavuta, tisiyeni tizipita. Anzanuwo nkhope yawo tikuidziwa."

"Dikirani pang'ono, mlamu. Ali pompano. Ndinamujambula atavala chipewa chake cha ku Joni. Ali pompano."

"Mwayesetsa, alamu."

Anatembenuka. Tinamva injini ikulira, nyimbo ikuyambanso, kenako ikuchepa cha kumsika. A Nzunga anandichotsa pa kiyibodi, anatseka kofufuzira kanga kaja, n'kupitiriza cd wawo ngati kuti lole ikadali panja.

Blessings anati, "Komatu malume mukanangolola Mapesi kuyambira poyamba..."

Sanamalize. Ndinamugwira pa kolala n'kumukankhira pa shelefu, makatoni a mapepala n'kumugwera. Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano, ndipo ndikanamuswa mlomo. Koma a Nzunga, osatembenuka n'komwe, anangoti, "Mapesi, ukundisokoneza." Ndinamusiya.

A Nzunga anawapeza a Ndau mu kompyutamo dzuwa litapendeka. Anadinda chithunzicho, anachiika mu felemu, anachikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuchilowetsa m'kati mwa jekete. Anaitana wa kabaza wa njinga yamoto. Ndinawauza kuti angotuluka kumene m'chipatala, apereke kwa ine ndikapereke. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Zotsalazo anandiuza wa kabazayo. Mvula inawapeza pa chitsikiro, ndipo malo ena ankatsika n'kumakankha njinga m'matope. Anafika ku Sharpevale anthu akubalalika, manda atakwiriridwa kale, nkhata zitanyowa pa mtumbira. A Nzunga anapereka chithunzi kwa Nambewe ndi manja awiri. Mayiyo anathokoza, anachiyang'ana pang'ono, n'kuchipatsira mwana kuti akaike m'nyumba. Panalibenso bokosi loti chilitsogolere. Kenako anapempha kuti awaperekeze kumanda. Anaima pamenepo mvula ikuwagwa, akulankhula chilankhulo cha ku migodi chimene wa kabazayo sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Ati mawu ake ankamveka ngati munthu akupereka lipoti kwa kapitawo.

Mphunzitsi uja anali atasamutsidwira kutali, koma ndinamupeza pa foni ndipo ananditsogolera mpaka chikepe tinachibwezera mu kompyuta. Ndinawaitana a Nzunga ndikusangalala. Anakhala pansi, analemba z ndi dzina la mudzi wawo womwe. Palibe chinachitika. Ndinaimbanso foni ndikukalipa, mphunzitsiyo n'kundifotokozera modekha kuti kachidako kabwera kopanda kanthu m'mutu. Sikangakufikitse kumene sunapiteko uli nako. Foda iliyonse ayenera kuilowa kaye wapansi, kuti kaidziwe.

Ndinaganiza kuti atukwana. Iwo anangofunsa kuti ndiye tiyambire dera liti.

Anayambadi. M'mawa uliwonse Blessings asanayambe makadi ake, a Nzunga ankatsika makwerero, mudzi ndi mudzi, banja ndi banja, kuphunzitsa chikepe chatsopano njira zimene chakale chinkadziwa. Ndinawapempha kuti ndiziwayendera ine madzulo, anakana, ati sakufuna chikepe chodziwa mapazi a wina. Koma kuchokera tsiku la mvula lija manja anaipiraipira, ndipo chifuwa chinkawadula pakati pa dzina. Mudzi umodzi unkawatengera m'mawa wonse. Makasitomala a makadi ankadikira pa benchi yanga akung'ung'udza. Blessings analemba ntchito mtsikana wina, Tadala, wachangu ndi waulemu, ndilibe naye mlandu. Nthawi ya a Nzunga pa kompyuta inafupika, kenako inasanduka ya pamene Tadala wapita kukadya. Tsiku lina tinapeza mpando wawo uli pa khonde. Blessings anati kunja kuli mpweya wabwino wa chifuwa.

Anakhala pa khondepo nyengo yonse yokolola, jekete atamanga mabatani onse, akuyang'ana msewu. Galimoto ya maliro ikaima ankadzuka, n'kulowa pambuyo pa wachibale, n'kuima kumbuyo kwa Tadala akumuuza dera, mudzi, mfunda, iye akudina ndi mausi. Nthawi zina ankapeza. Nthawi zina, iwo akatsokomola mpaka kulephera kulankhula, galimoto inkanyamuka. Chikepe chatsopano chinangodziwa midzi ya cha ku Lizulu ndi ina yochepa ya pafupi ndi Boma. Ku Sharpevale sichinafikeko.

Tsiku lomaliza sanatsanzike aliyense. Anandipempha kuti ndiwakwezere kamera ndi miyendo yake pa minibasi. Ndikumangirira, anandiuza kuti ndisamamenye anthu pa ntchito, chifukwa womenyedwayo amapola koma makatoni amaphwanyika. Sindikudziwa ngati ankaseka. Anakhala kumudzi miyezi yozizira ija, ndipo uthenga wa maliro awo unatipeza Loweruka m'mawa tikutsegula shopu.

Kompyuta Blessings anaisunthira kutsogolo, pafupi ndi windo, kuti odutsa aziona makadi. Pakona paja sanaikepo kanthu. Akuti akufuna kuikapo filiji ya zakumwa, koma mpaka lero sinabwere. Pa simenti pali kadzenje kosalala pamene chidendene chawo chinkakhula akamalemba. Pa khoma, cha kumanzere, laimu anada pamene ankatsamiritsa phewa chifuwa chikawagwira. Soketi ili pomwepo, yopanda cholumikiza, ndipo akangaude ayamba kuimangira. Tadala akamasesa amafika m'mphepete mwake n'kubwerera.

A kumidzi ambiri sanamvebe. Lole ikaima panja, munthu amalowa mothamanga, amadutsa ine, amadutsa Tadala ndi kompyuta yake, n'kulunjika pakona paja. M'shopu mwathu mumakhala kamdima kwa munthu wochokera padzuwa. Amavula chipewa, n'kuyamba kunena za maliro ake, asanaone kuti akulankhula ndi khoma.